Abuluzi anyanga asiya kudya, akungodzikwirira mumchenga

Wosamalira zokwawa, Texas: Akuluakulu, ndithandizeni. Kuntchito kuno andipatsa abuluzi anyanga anayi, a mtundu wa Phrynosoma cornutum. Chiyambire Okutobala, atatu mwa iwo asiya kudya, akungolowa mumchenga. Ndakweza moto wa babu, sizikusintha. Mmodzi wayamba kuonda, mtima wanga suli m'malo.

Dotolo wa ziweto, Arizona: Achimwene, yambani mwabweza babulo pomwe linali. Abuluzi amenewa kutchire amadzikwirira n'kugona osadya nyengo yozizira ikamayandikira, n'kudzatuluka cha mu Malichi kapena Epulo. Thupi lawo limatsata kufupika kwa tsiku, osati babu lanu. Mukawatenthetsa pamene sakudya, amangotha mafuta a m'thupi. Mukuwadyetsa chiyani, ndipo munawayeza liti pa sikelo?

Wosamalira zokwawa, Texas: Tinkhululu tating'ono topaka kashiamu, adokotala. Nyerere timapereka kamodzi pa sabata, n'zovuta kupeza. Sikelo ndinawaikapo mwezi watha.

Mayi wosamalira njoka ndi abuluzi, New Mexico: Pamenepo ndiye pali nkhani, achimwene. Buluzi ameneyu si gulo woti chilichonse chodutsa amangowakha. Chakudya chake chenicheni ndi nyerere zotuta njere za udzu, za mtundu wa Pogonomyrmex, ndipo amadya zambirimbiri tsiku limodzi. Mimba yake ndi yaikulu chifukwa cha zimenezo. Nyererezo zili ndi ululu woopsa, koma iye amazikuta ndi mamina a kukhosi asanameze. Ine ndinataya mmodzi chaka changa choyamba chifukwa chodalira nkhululu zokha, mpaka pano zimandiwawa. Nyerere muziziika kaye mufiriji pang'ono kuti zifooke, muzipereka zochepazochepa, zotsala muzichotsa. Mukazisiya usiku zimamuluma. Ndipo musayerekeze kutola nyerere zamoto zija, Solenopsis invicta. Zimapha ana a abuluziwa, ndipo ndi zina mwa zomwe zawachepetsa ku Texas komweko.

Dotolo wa ziweto, Arizona: Mayi anena zoona. Tsono musawagoneke onse pamodzi. Ayezeni lero m'magalamu, mutumize zitosi zikapimidwe ngati muli njoka zam'mimba. Onenepa aja, asiyeni osadya pafupifupi masabata awiri babu likuyakabe, kuti m'mimba muyere. Chakudya chotsalira chimawolera m'mimba thupi likazizira. Kenako muzichepetsa kuwala ndi kutentha pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 10°C, mchenga ukhale wokuya ndithu, pansi pake pa chinyontho pang'ono. Woonda uja asagone chaka chino. Akhale payekha, pofunda, babu la UVB, lotulutsa kuwala konga kwa dzuwa, likhale latsopano.

Wophunzira ntchito, Alberta ku Canada: Pepani kulowerera akulu, koma kuno alipo kutchire ndipo chisanu chake n'choopsa. Si ndiye kuti amapirira kuzizira kulikonse?

Mayi wosamalira njoka ndi abuluzi, New Mexico: Wakwanuko ndi wina, mwanawe, ndi Phrynosoma hernandesi wa nyanga zazifupi. Amakhala m'mapiri mpaka kum'mwera kwa Canada, ndipo amabereka ana amoyo, pomwe wa ku Texas amaikira mazira. Ngakhale iyeyo amapulumuka chifukwa dothi ndi chipale chofewa zamufunditsa. Mubokosi la galasi mulibe chomuteteza chotere, madzi akangouma kukhala ayezi, wapita.

Wosamalira zokwawa, Texas: Ndawayeza. Atatu sanatsike kwenikweni, wachinayi ndiye watsika, khungu lachita makwinya. Mbale ya madzi ilimo koma sindinamuonepo akumwa.

Dotolo wa ziweto, Arizona: Mbale sakhala nayo ntchito kawirikawiri. Mudontheze madzi ofunda pang'ono pamsana pake. Amakweza msana n'kuweramitsa mutu, madzi amayenda m'timipata ta pakati pa mamba mpaka kukamwa, momwe amamwera mvula kuchipululu. Mukaona akutafunatafuna, ndiye kuti akumwa. Chitani zimenezo m'mawa uliwonse.

Wosamalira zokwawa, Texas: Wamwa, adokotala! Zitosi ndapereka kale, ndipo abwana avomera kuti nyerere tiziitanitsa kawiri pa sabata. Zotsatira zikatuluka Lachisanu ndikuuzani.