Mwana akufuna ma AP asanu chaka chimodzi, ndimulole?

MayiWaAwiri: Abale amene muli ndi ana ku high school kuno ku America tandithandizani. Tili ku Indiana, mtsikana wanga akulowa giredi 11 ndiye akuti atenge makalasi a AP asanu (aja a mulingo wa kukoleji ophunzira ukadali ku high school), ati popanda zimenezo yunivesite yabwino siingamutenge. Ine ndinazolowera za MSCE zoti amangowerenga mapointi a maphunziro sikisi nkhani yatha, izi za AP ndi GPA (avereji ya magiredi) mutu sukugwira. Mayesonso ake ndi olipira, pafupifupi $100 phunziro limodzi. Chofunika kwenikweni ndi kalasiyo kapena zotsatira za mayeso?

Achimwene_SB: Mayi, chimene mayunivesite amayang'anitsitsa ndi transcript (pepala la makalasi ndi magiredi ake onse), kuti mwana anasankha makalasi olimba amene sukulu yake ili nawo ndipo anakhoza bwanji. Mayeso a AP amalemba mu Meyi, zotsatira zimatuluka mu Julaye, amapatsa 1 mpaka 5. Ndiye taonani, a giredi 12 akamatuluka mwana amakhala atayankhidwa kalekale ndi mayunivesite. A giredi 11 ndi amene angaonetse, komanso malo ambiri amalemba yekha pa fomu ngati akufuna.

NaPhiri265: asanu?? eee ayi achemwali. wanga anatenga anayi kuphatikizapo Chemistry ndi Calculus, amagona 1 koloko usiku tsiku lililonse, kuonda ngati wadwala, mapeto ake ma C awiri ndipo anakhala pa transcript mpaka kale. bola atatu amene amawakondadi nkupeza ma A

Achimwene_SB: Koma mayesowo musawapeputsenso, ndalama ili pamenepo. Akapeza 3 kupita m'mwamba makoleji ambiri aboma amamuwerengera credit, kalasi imeneyo salipiranso. Masukulu ovuta kulowa aja amafuna 4 kapena 5, ena sawerengera nkomwe. Mufunsenso za dual credit ya Ivy Tech, koleji yaboma ya ku Indiana, makalasi amene amawerengedwa ku high school ndi kukoleji komwe.

Mphunzitsi_wakale: Musaiwale SAT mayi, mayeso aja olowera kuyunivesite. Nthawi ya korona mayunivesite ambiri anati ndi kufuna kwako, koma MIT inabwezeretsa mu 2022, Dartmouth ndi Harvard analengeza zomwezo mu 2024. University of California iyo siiyang'ana ngakhale upeze mapointi onse 1600. Ndiye zimatengera akulozera kuti.

MayiWaAwiri: Zikomo nonse. Akuti akufuna za unamwino, ndiye ndamuuza Biology, Psychology ndi English basi. Wakwiya, wadzitsekera kuchipinda, nsima sanadye. Lachiwiri tikaonana ndi counselor wake.