Ndithandizeni nzeru, ndikufuna kupangira ana posewerera pa timipira

Muli bwanji azimayi anzanga ndi azibambo pagulu pano. Ine ndili ku Kapata kuno ku Chipata, ana ndili nawo awiri, wamkulu zaka zitatu wamng'ono chaka ndi miyezi iwiri. Mwezi watha tinapita kuphwando la mwana wa mnzanga wa kutchalitchi ndiye anabwereka chija chodzaza timipira tapulasitiki tamitundumitundu chimene ana amalowamo n'kumagubuduka. Wamng'onoyu amene amalira ndikangomutsitsa kumsana anakhalamo mpaka dzuwa kupendeka, kutola kofiira, kuponya, kuseka yekha dovu lili chuchuchu pachibwano. Kuyambira tsikulo mtima wanga uli pomwepo, ndikufuna akhale ndi chake pakhonde kuti ndikamaphika pambaula asamakwawire kumoto.

Katoni ya firiji ndili nayo, bafa lalikulu lochapira liliponso. Vuto ndi timipirato. Ndazungulira ku Down Shops ndi ku Saturday Market, ndinapeza kapaketi ka 50 chabe ndipo nditakhuthulira mukatoni pansi pake sipanabisike n'komwe. Apongozi akuti ndimange achimpombwa ambirimbiri koma mwanayu mano akumera, chilichonse chimapita kukamwa, mapepala apulasitiki ndikuwaopa. Kodi pamafunika tingati, nanga totsika mtengo mumatipeza kuti? Ndipo mumatitsuka bwanji ndi fumbi la kunoli?

— Amake mwana katoni ya firiji isiyeni, idzakumalizirani ndalama. Malo a mita imodzi uku ndi uku kuti timipira ta masentimita 6 tifike masentimita 20 kuya pamafunika pafupifupi 1,000. Bafa la masentimita 60 kukamwa limakwana ndi 200 kapena kuposera pang'ono, ndipo kwa mwana wa chaka n'zokwanira. Yalani bulangeti pansi pa bafalo kuti lisaterere pasimenti.

— Chonde yang'anani kukula kwake. Kampira kochepera masentimita 4.5 sikoyenera mwana wosakwana zaka zitatu, kangamutsamwe. Ine ndimayesa ndi kakatoni ka pakati pa tishu, kakalowamo ndimakachotsa. Tophwanyika tayani msanga, m'mphepete mwake mumacheka.

— Funsani amene amakaoda katundu ku Kamwala ku Lusaka akubweretsereni pabasi, kapena opita ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Mukasonkherana atatu n'kugawana thumba lalikulu zimapepuka.

— Ine wanga ndinamusokera ansalu. Ndinapempha zidutswa za chitenje kwa atelala, mkati ndinaikamo siponji ya matiresi akale, kusoka kawiri kuti isatuluke. Amatenga nthawi, madzulo amodzi ndimasoka asanu, koma ndi ofewa ndipo amachapika. Kungoti akanyowa ndi mkodzo muchape tsiku lomwelo.

— Kutsuka sikuvuta mayi, thirani m'thumba la anyezi lija lamabowo, viikani m'madzi a sopo, tsukuluzani, kolekani pachingwe tiume. Usiku lowetsani m'nyumba ndi kuvundikira, mvula ikayamba mu Novembala bafa likasunga madzi ndiye udzudzu umenewo, zinkhanira nazonso zimakonda kubisala pansi. Ndipo wamkuluyo asamadumphiremo mng'ono wake ali mkati, inu maso akhale pomwepo.

— Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mutu. Ndiyamba ndi bafa, 50 tija ndiwonjezera ansalu pang'onopang'ono. Alipo wa kuno ku Chipata amene tingasonkherane thumba la ku Kamwala mwezi ukatha? Andipeze ku inbox tikambirane.