Magetsi akathima m'galimoto yamagetsi, wokwera kumbuyo atuluka bwanji?

Nambewe_K:
Abale ndithandizeni maganizo. Dzulo usiku ndinaitanitsa galimoto pa app ndili ndi mwana wanga wazaka zinayi, inabwera yamagetsi zosalira nkomwe zija. Titafika ndinapapasa chitseko mumdima kusaka chotsegulira osachipeza, mpaka dalaivala anachita kutembenuka nkundilozera kabatani kakang'ono. Ndinadina chitseko nkutseguka bwinobwino. Koma usiku wonse tulo sitinabwere, ndimangoti kodi tikanachita ngozi magetsi nkuthima, dalaivala atakomoka, ine ndi mwanayu tikanatulukira pati? Kabatani kaja kamagwira ntchito popanda magetsi?

Makaniko_Phiri:
Mayi funso lanuli ndi lenileni. Sikagwira ayi. Zitseko zimenezi sizidalira chibatire chachikulu choyendetsa galimoto, zimadalira kabatire kakang'ono, nthawi zambiri ka 12 volts, ndiye kakafa kapena mawaya akaduka pangozi mudina mpaka chala chiwawe. Chotsegulira chapamanja chimakhalapo koma amachibisa kwambiri. Mwachitsanzo pa Tesla Model 3 ndi Model Y, okhala kutsogolo zawo nzosavuta, pali kachitsulo kutsogolo kwa mabatani a mawindo, kungokakokera m'mwamba basi. Kumbuyo nkumene kuli nkhani. Pa Model Y muyenera kuchotsa kamphira kapansi pa kathumba ka chitseko, kutsegula kachivindikiro, kenako kukoka kachingwe kali mkatimo, ndipo si zonse zili nako. Model 3 zakale kumbuyo kulibiretu. Model X ya zitseko zotsegukira m'mwamba ija kachingwe kake kali kuseri kwa chophimba sipika. Tangoganizani munthu wavulala, utsi uli tolo, akuyamba kusaka zimenezo koyamba.

Chikondi88:
Ine ndimanyamula anthu pa galimoto yamagetsi chaka chachiwiri tsopano ndipo ndinene zoona, poyamba inenso sindimadziwa komwe kuli kachingweko, ndinachita kukawerenga m'buku la galimoto. Pano ndinamangirirako kansalu kofiira kuti kazionekera ndipo wokwera aliyense ndimamuonetsa tisananyamuke, ena amayankha kuti chabwino maso ali pa foni koma ine ndimanenabe. Chinanso mayi, muzifunsa ngati child lock ndi yotseka, anzathu ena amaiwala kuichotsa akatsitsa banja la ana ndiye kumbuyoko mumakhala ngati mwakiyiridwa.

Mdala_wa_Tsoka:
Bwanji osangoyenda ndi kahamala koswera galasi m'chikwama?

Makaniko_Phiri:
Akulu kahamalako kamathandiza pa galasi la tempered, limene limayoyoka tizidutswa mukalimenya pakona. Koma galimoto zambiri zatsopano mawindo ena ndi laminated, pakati pali pulasitiki, limangong'aluka osagwa. Yang'anani pakona yapansi pa windo, amalembapo mtundu wake.

Tadala_M:
Nkhaniyi yafika kale kwa aboma. Mu September 2025 bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA ku America linayamba kufufuza Model Y za 2021 chifukwa makolo amati akatsika kuti akatulutse mwana kumbuyo, chitseko chimakana kutseguka kunja, ena mpaka anaswa galasi. Mu October chaka chomwecho mumzinda wa Chengdu ku China galimoto yamagetsi ya Xiaomi SU7 inayaka itachita ngozi, anthu odutsa analimbana ndi zitseko osatheka, dalaivala anafera momwemo. China yalamula kuti kuyambira 2027 galimoto zatsopano zizikhala ndi chotsegulira chapamanja mkati ndi kunja komwe. Chimene chimandiwawa ine nchoti mwini galimoto ali ndi buku, koma ife okwera mphindi 15 zokha palibe amatiuza kanthu, app imangotionetsa nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala.

Nambewe_K:
Zikomo nonse, a Phiri mwanditsegula maso. Mawa ndikwera ina popita kuntchito, ndimupempha dalaivala andionetse kachingweko ndikakhudze ndi dzanja langa tisananyamuke. A Chikondi, mwana akakhala pa kampando kake mumamuika mbali iti kuti ndimumasule msanga?