Mwana wanga akugwira ma isotope ku labu, si zoopsa?

Mayi wa ku Bangula: Ndithandizeni anzanga. Mwana wanga wamkazi ali pa sukulu ku South Africa, akuti akupanga RNA (akuti ndi kachingwe ka m'maselo kofananako ndi DNA) yokhala ndi carbon-13 ndi nitrogen-15 kuti ayiyeze pa makina a NMR. Nditamva mawu oti isotope, tulo tandithawa. Si zija zotulutsa cheza chowononga thupi? Mwanayu sanabereke n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Ngabu: Mayi, khazikani mtima pansi. Ma isotope ndi maatomu a chinthu chimodzi, monga carbon, osiyana kulemera kokha. Awiri mwatchulawo, carbon-13 ndi nitrogen-15, satulutsa cheza, ndipo ali kale m'thupi mwanu: pa maatomu 100 a carbon, pafupifupi limodzi ndi carbon-13. Otulutsa cheza ndi ena, monga carbon-14. NMR, njira yoonera kapangidwe ka tinthu ting'onoting'ono ngati RNA, imadalira maginito ndi mafunde a wailesi, mofanana ndi MRI ya ku Queens ku Blantyre.

Mwana wa ku Chikwawa: Aphunzitsi anena zoona. Ntchitoyi ndimaidziwa, amayi, ndiye ndionjezereko. Makinawo carbon wamba, carbon-12, samumva n'komwe, amamva carbon-13. Tsono RNA ndi yovuta: ili ndi tizidutswa ta mitundu inayi basi, A, U, G ndi C, ndipo shuga wake, ribose, ndi yemweyo paliponse. Pa makinawo, zizindikiro za hydrogen wa shugayo zimaunjikana pamalo amodzi opapatiza, osadziwa kuti ichi n'cha uti. Zili ngati ng'ombe zofanana bweya pamsika, popanda chizindikiro cha mwini wake simungazisiyanitse.

Carbon-13 ndi nitrogen-15 ndiwo chizindikirocho. Ndiye timaweta mabakiteriya a E. coli, kuwadyetsa shuga wotchedwa glucose wa carbon-13 ndi ammonium wa nitrogen-15. Akachuluka timachotsa RNA yawo, kuiduladula ndi puloteni yotchedwa nuclease P1, kukonzanso tizidutswato, kenaka puloteni ina, T7 RNA polymerase, imatilumikiza kukhala RNA imene tikufuna. Njirayi inafalitsidwa mu 1992. Ine ndimakonda kuika chizindikiro pa mtundu umodzi wokha, tinene G, chifukwa RNA ikatalika, kuika paliponse kumangobweretsanso chipwirikiti.

Achimwene a ku Nchalo: Shuga wathu kuno wa nzimbe sangagwire ntchitoyi?

Mwana wa ku Chikwawa: Ayi achimwene, carbon-13 wake ndi wochepa ngati m'zomera zonse. Wa ku labu amachita kupanga, pafupifupi carbon yense ndi 13, n'chifukwa chake ndi wodula kwambiri. Amayi, chofunika kusamala ndi maginitowo, amakoka zitsulo mwamphamvu, komanso nitrogen wamadzi wozizira mpaka -196°C, amene amawotcha khungu.

Mayi wa ku Bangula: Zikomo kwambiri ana anga, ndi inu aphunzitsi. Ndimuimbira madzulo ano. Amakonda timapini tachitsulo m'tsitsi, ndimuuza azitivula polowa m'chipindamo.