Chiuno chatsika ndi masentimita 6 koma sikelo yangoima, ndikulakwitsa pati?

Nangozo, Ntcheu

Moni nonse. Ndili ndi zaka 36, kutalika masentimita 160. Masabata 8 apitawo ndinayamba kuchepetsa thupi. Nsima ndinachoka pa mitanda itatu kufika pa umodzi ndi theka, zakumwa zotsekemera za m'botolo ndinasiya, tchipisi cha pachiwaya ndi kamodzi pa sabata basi. M'mawa uliwonse ndimayenda ndawala kwa mphindi 40, njira yake yokwera, ndipo katatu pa sabata ndimachita masikwati (kunyonyomala n'kudzuka mobwerezabwereza) nditanyamula zigubu za madzi. Poyamba ndinkalemera makilogalamu 82, lero ndi 81. Koma atelala pondiyeza apeza kuti chiuno chachoka pa masentimita 98 kufika pa 92, ndipo masiketi akundikulira. Kodi mafutawo akupitadi, kapena ndikungodzivutitsa? Ndichepetsenso chakudya?

Abambo a Chiko, Dedza

Anangozo, musasiye. Masentimita 6 m'masabata 8 si zochepa ayi, ndipo pa zida ziwirizi, tepi ya atelala ndiyo yakuuzani zenizeni kuposa sikelo.

Sikelo sidziwa kusiyanitsa. Mukaimapo imayeza zonse pamodzi: mafupa, minofu, mafuta, magazi, ngakhale nsima ya dzulo imene idakali m'matumbo. Madzi okha ndi pafupifupi theka la kulemera kwa munthu wamkulu, mwinanso kuposa. Choncho mafuta atha kumachoka, madzi n'kumalowa, nambala n'kukhala pomwepo.

Mafuta ndi opepuka koma amatenga malo. Lita imodzi ya mafuta a m'thupi imalemera pafupifupi magalamu 900, pamene lita imodzi ya mnofu imalemera magalamu 1,060. Taonani mumphika wa nyama: mafuta amayandama pamwamba pa msuzi, nthuli zimakhala pansi. Kilogalamu ya mafuta imadzaza malo oposa lita, ya mnofu sikwana n'komwe lita. Komanso malo ake m'thupi ndi osiyana. Mafuta akuchoka pamimba, pamene mnofu ndi madzi zikulowa m'ntchafu, m'matako ndi kumsana komwe atelala sanayang'aneko bwino.

Za madziwo zili chonchi. Minofu ikayamba kugwira ntchito yolemetsa imaphunzira kusunga shuga wambiri wa mtundu wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira madzi okwana pafupifupi magalamu 3. Kuphwanya kwa thupi kuja mumamva m'mawa mwake mutachita masikwati, ndi timitsitsi ta mnofu tomwe tang'ambika pang'ono, ndipo thupi limatumizako madzi pokonza. Ziwirizi zitha kuika kilogalamu yathunthu pa sikelo m'masabata oyambirira. Amenewo si mafuta.

Chosangalatsa n'chakuti mafuta a m'kati mwa mimba, ozungulira matumbo ndi chiwindi, amamva msanga munthu akayamba kuyenda ndi kulimbitsa thupi, ngakhale kulemera kusasinthe kwenikweni. Ndi omwewonso amene amakokera munthu ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nachisale, Lizulu

Ndikugwirizana nawo abambo a Chiko, koma pa nkhani ya mnofu tisapitirire muyeso. Ambiri amakonda kunena kuti mafuta asanduka mnofu. Sizitheka, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Komanso mnofu umakula mochedwa kwambiri. Mayi woyamba kumene, amenenso wachepetsa chakudya, akaonjezera theka la kilogalamu pa mwezi ndiye kuti wachita bwino. Ndiye pa miyezi iwiri yanuyi mnofu sungafotokoze zonse. Mbali yaikulu ndi madzi ndi kayezedwe, ndipo apa m'pamene anthu amadzikhumudwitsira chabe.

Munthu mmodzi yemweyo amatha kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mukamwa theka la lita ya madzi, nthawi yomweyo mwalemera ndi theka la kilogalamu. Mukadya usipa wamchere wambiri kapena tchipisi usiku, m'mawa thupi lasunga madzi. Kudzimbidwa nakonso kumaonjezera. Kwa ife amayi, masiku oyandikira kumwezi thupi limasunga madzi ndipo mimba imatupa, zimatha zokha mukayamba kusamba. Mwina 82 ija munayeza mutangomaliza kumwezi, 81 iyi mwayeza mukuyandikira. Ngati zili choncho, mafuta amene mwataya ndi ochuluka kuposa kilogalamu imodzi.

Funso lina: sikelo yake ndi imodzi? Ya kuchipatala, ya anyamata oyeza anthu pamsika ndi ya kunyumba sizigwirizana. Kuno kozizira timavalanso zambiri, juzi, jekete, zitenje ziwiri ndi nsapato, zonsezo zimakwana kilogalamu kapena kuposa. Sankhani sikelo imodzi, iziikidwa pa simenti yosalala, osati pamphasa kapena padothi lokumbika. Kuti mudziwe ngati ili bwino, imanipo muwerenge, kenako nyamulani chigubu cha malita 5 chodzaza madzi muimenso. Iyenera kukwera ndi makilogalamu 5 ndi pang'ono pa chigubucho. Muziyeza m'mawa mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa, mutavala zopepuka zomwezomwezo. Chitani katatu pa sabata, phatikizani manambala atatuwo mugawe ndi 3, mulembe m'kope. Muziyerekeza sabata ndi sabata inzake, makamaka sabata yofanana ya mwezi wathawu, osati lero ndi dzulo.

Tepi nayonso imanama ikagwiridwa molakwika. Atelala amayeza pamene siketi imakhala, ndipo ena amasiya mpata wa zala kuti chovala chisathine. Gulani tepi yanu yosatamuka. Pezani nthiti yomaliza ya m'munsi ndi nsonga ya fupa la chiuno m'mbali mwanu, tepi idutse pakati pa ziwirizi, nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa mchombo. Ikhale pakhungu, yofanana kutsogolo ndi kumbuyo, yogwira koma yosalowa m'thupi. Imani chilili, tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, musakokere mimba m'kati, werengani. Bwerezani kawiri. Yezaninso potambalala pa matako ndi pakati pa ntchafu, masabata awiri aliwonse. Onetsetsani mbali ya tepi imene mukuwerenga, poti inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Pa 92 mwayamba bwino koma ulendo ulipo. Malinga ndi miyeso ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, kwa amayi chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera chiuno chikaposa masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri chikaposa 88. Kwa abambo ndi 94 ndi 102. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti chiuno chisapose theka la kutalika kwanu, ndiye inu a masentimita 160 mukulowera ku 80. Yambani mwalondola 88.

Pali zina zofunika chipatala. Mukaona mapazi akutupa, dinani ndi chala pamsongolo kwa masekondi 5. Pakatsala dzenje, kayezetseni mtima, impso ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati mwadumphitsa mwezi, yezetsani mimba musanachepetsenso chakudya. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, mankhwala ena otalikitsa moyo ndi prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa, amene amaperekedwanso pa mphumu) amachititsa ena kunenepa. Musasiye kumwa kapena kubayitsa panokha, kambiranani ndi adokotala. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga: ngati zovala zikukukulirani musanasinthe kadyedwe, muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi, mukutsokomola kuposa masabata awiri kapena kutuluka thukuta usiku, kumeneko si kuchepa thupi kosangalalira. Kayezetseni shuga, TB ndi HIV.

Mayi a Tadala, Bembeke

Achemwali, pa funso lanu lomaliza lija, musachepetsenso nsima panopa. Yambani mwafufuza zimene zimalowa m'thupi osawerengedwa.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyeso wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700. Kuti muzitaya theka la kilogalamu pa sabata, tsiku lililonse pazipelewera makalori pafupifupi 500. Kuyenda kwanu kwa mphindi 40 kumatentha pakati pa 200 ndi 250. Tsono taonani mmene zimabwererera. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori 120, ndipo tikamathira kuchokera m'botolo osayeza, masupuni atatu amalowa mumphika tisanazindikire. Kasupuni ka shuga kali ndi 16. M'miyezi ya June ndi July kuno tiyi amamwedwa katatu pa tsiku, masupuni atatu kapu iliyonse, ameneyo ndi pafupifupi 150. Mtedza wodzaza dzanja, magalamu 30, ndi 170. Onjezani thobwa wothira shuga ndi mandasi awiri, ndawala ya m'mawa ija yathera pomwepo. Nsinjiro ndi zabwino, koma zikalowa mu mpiru mafuta ophikira asalowenso.

Mbatatesi yathuyi anthu amainamizira. Yowiritsa, magalamu 100 ali ndi makalori osaposa 90 ndipo imakhutitsa. Yomweyo ikalowa pachiwaya imafika cha m'ma 300. Vuto si kachewere, ndi mafuta. Iwiritseni ndi makoko ake, muidye m'malo mwa nsima, osati pamodzi ndi nsima.

Onaninso mitandayo. Munthu akachoka pa itatu kufika pa umodzi ndi theka, chipande chimayamba kudzaza kwambiri osadziwa. Yezani ndi chibakera chanu: nsima yofanana ndi chibakera chimodzi, ya mgaiwa ngati mungathe poti imakhalitsa m'mimba. Theka la mbale likhale masamba, kabichi, mpiru, nkhwani kapena bonongwe, zomwe pa Lizulu ndi pa Tsangano sizisowa.

Chimene ambiri amachimana ndi zakudya zomanga thupi, ndipo popanda zimenezi thupi limadya mnofu wake womwe. Pa msinkhu wanu ndi masewera mukuchitawo, londolani mapuloteni okwana magalamu 90 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu ya nyemba zophika 15, kapu ya mkaka 8. Nyama ya soya youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, usipa wouma kuposa theka. Ndiye mazira awiri ndi kapu ya mkaka m'mawa, nyemba ndi magalamu 50 a soya masana, magalamu 50 a usipa madzulo, mwafikapo. Usipawo uviikeni m'madzi ofunda kaye mchere uchepe. Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasupuni kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo wa m'timakyubu tokometsera ndiwo.

Nangozo, Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse. Zoonadi, 82 ija inali ya kuchipatala, 81 ndi ya pamsika nditavala juzi. Tepi ndigula. Nanga lamba wotulutsa thukuta pamimba ndi tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook, zingafulumizitse? Ena akuti ndisiyiretu nsima mwezi wathunthu.

Abambo a Chiko, Dedza

Ndalama zanu zisapite kumeneko, Anangozo. Lamba amatulutsa thukuta, thukuta ndi madzi, mukamwa abwerera. Mafuta satuluka pakhungu, ndipo palibe lamba kapena masewera amene amachotsa mafuta pamalo amodzi okha. Matiyi ambiri otere amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Sikelo imatsikadi chifukwa matumbo apanda kanthu, koma mukawamwa nthawi yaitali thupi limataya michere yofunika pa kagundidwe ka mtima, ndipo matumbo amazolowera mpaka kulephera kugwira ntchito paokha.

Kusiyiratu nsima kudzakuonetsani kilogalamu imodzi kapena ziwiri zitachoka sabata yoyamba. Ameneyo ndi glycogen uja ndi madzi ake, ndipo tsiku limene mudzadyenso nsima zidzabwerera. Pakatipo mudzakhala wofooka pokwera chitunda.

Chofunika kusintha ndi katundu amene mukunyamula, poti minofu ikazolowera imaleka kukula. Pa masikwati chitani maulendo atatu, ulendo uliwonse ka 10 mpaka 12, kupuma mphindi imodzi pakati. Mukayamba kufika ka 15 osavutika, onjezerani kulemera: chokani pa chigubu cha malita 5 mupite pa ziwiri, kapena thirani mchenga m'malo mwa madzi, poti mchenga umalemera kuposa madzi. Zidendene zisanyamuke pansi, mawondo aziloza kumene zala za kumapazi zaloza, msana usapindike. Bondo likamabaya m'kati, lekani, kumeneko si kuphwanya kwabwino kuja. Onjezanipo mapushapu otsamira pakhoma kapena patebulo, ndi kukoka chigubu kuchokera pansi kufika m'nthiti mutawerama, kuti msana ndi mikono zigwireko ntchito. Pakati pa masiku onyamula pazikhala tsiku lopuma, ndipo muzigona maola 7 kapena kuposa, chifukwa tulo tikachepa njala imakula.

Pitirizani chonchi masabata ena anayi mukulemba m'kope. Chiuno chikamatsika, musakhudze chakudya ngakhale sikelo itaima. Zikaima zonse ziwiri kwa masabata atatu kapena anayi otsatizana, chotsani makalori pafupifupi 200 pa tsiku, monga supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi timasupuni tisanu ta shuga, kapena onjezani mphindi 15 pa ndawala yanu. Sinthani chimodzi chokha pa nthawi, kuti mudziwe chimene chagwira ntchito.