Scotland ili ndi palamenti yake, zimatheka bwanji?

Wa_ku_Chinamwali: Abale, dzulo mu minibasi ya ku Matawale anthu amakangana, akuti Scotland ili ndi palamenti yakeyake koma dziko ndi UK yomweyo. Zimayenda bwanji?

Bambo a Tadala: Zoona achimwene. Anavota mu 1997, palamenti inayamba 1999 ku Edinburgh. Zipatala, masukulu, apolisi amayendetsa okha koma asilikali ndi nkhani zakunja zikadali ku London.

NaBanda: Nde ndi fedulo ija anzathu akumpoto amaifuna?

Bambo a Tadala: Ayi mayi, uko mphamvu anachita kupatsidwa ndi London ndipo pamalamulo ikhoza kuzibweza, pomwe fedulo imakhala mu konsitichushoni simungangoichotsa.

Mjomba_Sadzi: Ife makhonsolo anawapatsa mphamvu 1998 koma ndalama zambiri zimachokerabe ku Lilongwe, tiyambe takonza pamenepo kaye.