Ma OptiPlex 12 akukana apt update, ahedi akufuna labu Lolemba

Yamikani, Kamuzu Road
Akuluakulu thandizeni, mutu wawira. Sukulu ina cha ku Khombedza inalandira makompyuta 14 kuchokera kwa abwenzi akunja, Dell OptiPlex 760, Core 2 Duo, RAM 2GB. Ahedi anandiitana kuti ndiwadzutse chifukwa eni mphatsoyo akubwera Lolemba kudzaona labu. Windows 10 inasiya kulandira ma update pa 14 October 2025, Windows 11 singakwere pa nkhalamba zimenezi, ndiye ndaika Linux Mint 22 Xfce. Pa 12 yalowa bwinobwino, awiri sakuyaka n'komwe, amenewo ndawaika pakona kaye. Vuto ndi ili: ndikalumikiza foni pa USB kuti ndipeze intaneti, sudo apt update, lamulo lotenga mndandanda wa mapulogalamu atsopano, ikungobweza "Release file is not valid yet", ati fayiloyo idzayamba kugwira ntchito pakatha masiku mazanamazana. Firefox nayo ikukana masamba a https. Ndasintha mirror (seva yokokako mapulogalamu) kawiri, bandulo ya sabata yonse yapita. Palinso tima HP Mini titatu, fulashi ikangoyamba tikulemba kuti kernel ikufuna x86-64 koma yapeza i686. Pulinta ndi Canon LBP2900, imeneyo sindinaikhudze. Lero ndi Lachisanu madzulo. Wodziwa ayankhe, nthabwala mawa.

A Mwale, Chipoka
Mphwanga, ika Windows 7 ukagone. Makina amenewo anabadwira Windows. Ana akufuna Word ndi Excel, osati kulemba sudo.

Tiyamike, Nkhotakota boma
Achimwene a Yamikani, mirror ilibe mlandu. Lembani timedatectl mutiuze tsiku limene makina akunena. Ndikukaika ngati ndi la lero. Poyaka sanakuuzeni kuti time-of-day not set, dinani F1? Ma Dell amenewo amatero batire ya pa motherboard ikafa, ija ya CR2032. Tsiku la makina likakhala m'mbuyo, apt imaona ngati fayilo ya Release yachokera m'tsogolo ndiye imaikana, ndipo ma certificate a https nawonso amaoneka ngati nthawi yawo sinakwane. Matenda amodzi, zizindikiro ziwiri.

Yamikani, Kamuzu Road
Eee F1 ndakhala ndikudina kuyambira m'mawa osawerenga n'komwe. Koma tsiku likuonetsa 2024, ndimayembekezera kuti batire yakufa ibweza makina ku 2008 kapena 2009.

Tiyamike, Nkhotakota boma
BIOS imabwereradi kutali, koma systemd, pulogalamu imene imayambitsa Linux, ikapeza tsiku lakale kuposa nthawi imene inapangidwa imalikankhira kutsogolo kufika pamenepo. N'chifukwa chake mukuona 2024. Lowani F2 muone tsiku la mu BIOS mwenimwenimo. Kuti muyende lero: sudo timedatectl set-ntp false, kenako set-time ndi tsiku lenileni, kenako sudo hwclock --systohc, mubwezeretse set-ntp true. Onaninso kuti timezone ili pa Africa/Blantyre. Koma dziwani kuti magetsi akangothima kapena mlonda akazula pulagi usiku, mwabwerera pomwe munayambira. Gulani mabatire 14.

Gift, Dwangwa
Hahaha F1 imeneyi inandidyetsa manyazi ine. Chaka chatha ndinaika Lubuntu pa makina asanu ndi limodzi kwa bambo wina wa siteshonale kuno. Ndinakonza tsiku pamanja, zonse zikuyenda, ndalama ndalandira, ndakwera minibasi. M'mawa mwake foni: "Amwene, Linux yanu ija yafa." Kubwerera. Kukonza tsiku. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Kufunsa bwino, mtsikana wa pa kauntala amazimitsa pa soketi yaikulu akamatseka kuopa mphenzi. Ndinagula mabatire pa benchi ya mawotchi pamsika, theka lake anali ofooka kale chifukwa chogona padzuwa. Ndiye mukagula muyeze ndi mita, yabwino imawerenga 3V kapena kupitirira pang'ono. Ina imakhala yatsopano pa pepala pokha.

A Mwale, Chipoka
Mwaona? Tsiku lokha mwalemba kale malamulo anayi. Pa Windows 7 udina pa wotchi pakona, wasintha, watha.

Tiyamike, Nkhotakota boma
A Mwale, batire yakufa siisankha. Pa Windows 7 nayonso browser idzakana https tsiku likalakwika. Ndipo pa Mint wotchi imasinthikanso ndi mausi, ine ndalemba malamulo chifukwa ndi achangu kukopera.

Limbani, Salima
Man, osavutika. Ingoika -o Acquire::Check-Valid-Until=false pa apt update, idutsa.

Che Saidi, Senga Bay
Limbani, imeneyo ndi ya fayilo imene yatha nthawi, osati imene nthawi yake sinakwane. Ya vuto ili ndi Acquire::Check-Date. Koma Yamikani usaike iliyonse mwa ziwirizi. Ndaonapo anthu akuilemba mu apt.conf kuti uthenga usiye kuwasowetsa mtendere, kenako amaiwala, makina amakhala zaka akulandira chilichonse osafunsa tsiku. Komanso https siichira ndi zimenezo, ana akatsegula Wikipedia adzakanidwabe.

Chimene chikundidabwitsa ine n'chakuti NTP, ija yotenga nthawi pa intaneti, sinakonze yokha nthawi foni italumikizidwa. Lemba timedatectl uone mzere wa System clock synchronized. Ngati pali no, mwina netiweki ikugwagwa kapena pali chimene chikutseka UDP 123 panjira. Ukadzaika rauta pa sukulupo udzayang'ane zimenezi.

Chenjezo lina: usayambitse upgrade pa makina 12 nthawi imodzi. Choyamba bandulo, uliwonse ukoka mafayilo omwewo paokha. Chachiwiri magetsi. Akathima dpkg ili pakati pa ntchito, udzapeza makina ena sakufika pa desktop. Nthawi zambiri sudo dpkg --configure -a ndi apt -f install zimadzutsa, koma ikaduka ikulemba kernel kapena GRUB ndi usiku wonse umenewo. Ngati pali UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) ngakhale imodzi, konza makina amodzi pa UPS mpaka athe bwinobwino, kenako uwakope ndi Clonezilla kupita pa enawo. Onse ndi mtundu umodzi, sipakhala vuto la ma driver. Ukatha usinthe hostname (dzina la makina) pa aliyense, apo ayi pa netiweki padzakhala mapasa 12 a dzina limodzi.

Gift, Dwangwa
Clonezilla muziwerenga kawiri pomwe ikufunsa source ndi destination. Mnzanga wina anakopa disiki yopanda kanthu n'kuiika pamwamba pa yabwino. Munali ma CV a makasitomala a zaka zitatu. Mpaka lero akamva dzina la Clonezilla amasintha nkhani. Onaninso kukula kwa ma disiki, makina a mphatso amabwera osakanikirana, ina 80GB ina 160GB. Mupange chithunzi cha disiki kuchokera pa yaing'ono, chifukwa yaikulu siilowa pa yaing'ono popanda kulimbana nayo.

Yamikani, Kamuzu Road
UPS ilipo imodzi mu ofesi ya ahedi koma imalira ngati nkhuku, sindikudziwa ngati batire yake ili moyo. Nanga tima HP Mini tija?

Tiyamike, Nkhotakota boma
Timeneto ngati ndi Atom N270 ndi 32-bit basi, palibe chimene mungachite mu BIOS. Mint inasiya 32-bit pa 19.3, kuyambira Mint 20 ndi 64-bit yokha. Ubuntu inasiya kale. Musapusitsidwe ndi Lubuntu 18.04 imene anthu amayenda nayo pa fulashi, inasiya kusamalidwa mu 2021. Debian 12 ili ndi i386, koma Debian 13 imene inatuluka mu August 2025 ilibenso installer ya 32-bit, ndiye njira imeneyo ili ndi polekezera. Ine pa timakina totere ndimaika antiX, ndi yopepuka ndipo 1GB imaikwanira. Kungoti maonekedwe ake ndi osiyana ndi Mint, ana adzafunsa chifukwa chake.

Wi-Fi yake muyembekezere nkhondo. Tambiri mwa timeneti tili ndi Broadcom. Lembani lspci -nn, mukaona 14e4:4315 ndi BCM4312. Phukusi la firmware-b43-installer limakoka firmware pa intaneti pamene mukuliika, ndiye pamafunika chingwe kapena foni pa USB kaye. Musaike b43 ndi driver ya wl pamodzi, zimakanganirana khadi.

A Mwale, Chipoka
Tsono labu imodzi ikhala ndi Mint uku, antiX uku. Mphunzitsi aphunzitsa ziti? Ine ndayamba kukonza makompyuta Windows 98 ikadali yatsopano. Windows 7 ya 32-bit imalowa pa HP Mini, imalowa pa OptiPlex, Canon imagwira tsiku lomwelo. Chinthu chimodzi labu yonse. Inu anyamata mumakonda kuvutika.

Che Saidi, Senga Bay
Madala, ulemu wanu, pa pulinta mwanena zoona. LBP2900 imalankhula CAPT, chilankhulo cha Canon, si pulinta imene CUPS, pulogalamu ya mapulinta pa Linux, imangoizindikira. Driver ya Canon ya Linux ilipo koma ndi yakale, imafuna ccpd iziyenda komanso ma library a 32-bit, ndipo ukazimitsa pulinta n'kuyatsanso nthawi zina imakhala chete mpaka uyambitsenso ccpd. Palinso captdriver imene anthu odzipereka analemba, koma umafunika kuimanga wekha. Yamikani, usalonjeze ahedi pulinta Lolemba.

Koma pa Windows 7 sindikuvomerezani. Microsoft inasiya kuisamala pa 14 January 2020. Chrome inaima pa 109. Ndipo laisensi ya makina 14 mukaitenga kuti? Tonse tikudziwa fulashi imene mumanena, ija ya activator. Alendo amene anapereka makinawo akafunsa, ayankhe ndi ahedi, osati inu. Komanso labu ya sukulu ndi msika wa mafulashi, aliyense amabwera ndi yake yochokera kojambulitsa nyimbo. Pakatha mwezi mafoda onse asanduka ma shortcut.

A Mwale, Chipoka
Deep Freeze ilipo, ija yobwezera makina mmene analili. Ukayatsanso makina kachilombo kapita. Ndipo sukulu ya ku Khombedza intaneti aitenga kuti yoti muziopa? Ana akakalowa ntchito akapeza Word, sakapeza LibreOffice.

Tiyamike, Nkhotakota boma
Ine ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 pa LibreOffice chaka chachitatu tsopano. Mwana amene wadziwa SUM ndi IF mu Calc sasochera mu Excel. Chimene chimavuta ndi mabuku, zithunzi zake ndi za Microsoft Office, ndiye mphunzitsi amene sanazolowere amaima pa bolodi n'kumasaka batani limene kulibe. Pamenepo a Mwale ali ndi mfundo, ndipo vuto limakhala la mphunzitsi kuposa ana. Achimwene, mukhale naye pansi mphunzitsi wa kompyuta ola limodzi musanachoke. Mumusinthire kuti Writer izisunga docx ndipo Calc xlsx, apo ayi adzatumiza odt ku ofesi ya maphunziro n'kubwezedwa, mlandu udzagwera Linux. Muikenso mafonti a Carlito ndi Liberation kuti makalata olembedwa ndi Calibri kapena Times New Roman asasokonekere mizere.

Ndipo poti intaneti kulibe, ikani Kiwix, yowerengera Wikipedia popanda intaneti, pa makina amodzi. Wikipedia yonse ya zithunzi ndi yaikulu kwambiri pa ma disiki amenewo, tengani yopanda zithunzi kapena ya Simple English. Alendo akaona mwana akuwerenga za Nyanja ya Malawi popanda netiweki, pulinta sadzaifunsa.

Gift, Dwangwa
Awiri osayakawo musawataye msanga. Kuno kunyanja chinyezi ndi fumbi zimagwira RAM. Zulani, pukutani mano ake ndi labala ya pensulo, bwezerani. Ma OptiPlex ali ndi timagetsi 1 2 3 4 kutsogolo, muone tikuyaka titi. Ine ndinatsegulapo ina ku Benga ndinapeza mavu amanga nyumba pa fani ya power supply. Ina munali buluzi wouma. Ngati ma capacitor atupa pamwamba, imeneyo ikhale yopereka ziwalo, RAM yake ya DDR2 muwonjezere pa ya mphunzitsi ifike 4GB.

Limbani, Salima
Za mavuzo zandikumbutsa, alipo ali ndi power supply ya OptiPlex yaing'ono ija ya SFF? Ndikufuna imodzi, ndili ndi DDR2 ziwiri za 1GB tingasinthane.

Gift, Dwangwa
Ndili nayo koma ya 755, unditumizire chithunzi cha sitika yake ndione ngati ikufanana. Ndingaipatse kondakitala wa minibasi Lachiwiri.

Che Saidi, Senga Bay
Yamikani, china ndinaiwala. Usasiye ana pa akaunti ya sudo. Panga akaunti ya wophunzira yopanda mphamvu, pasiwedi ya admin uwapatse ahedi papepala, ina usunge wekha, chifukwa pepalalo lidzasowa. BIOS nayo uitseke kuti asamayatse ndi fulashi zawo, koma uchite zimenezi utasintha kale mabatire.

A Mwale, Chipoka
Mapasiwedi atatu, ma Linux awiri, pulinta palibe. Mphwanga, fulashi yanga ya Windows 7 ili pano pa Chipoka. Ukatopa Lamlungu usiku undiimbire, sindigona msanga.

Yamikani, Kamuzu Road
Mu BIOS tsiku linalidi lakalekale. Ndakonza pa makina amodzi, apt update yadutsa, ikukoka tsopano. Mabatire ndapeza 5 okha pa Kamuzu Road, enawo ati mpaka katundu abwere kuchokera ku Lilongwe. Magetsi angothima. Ndiona mawa.

Tiyamike, Nkhotakota boma
Anathima ili pa download kapena itayamba kale unpacking?

Limbani, Salima
Gift, chithunzi ndatumiza. Ya 235W.